Malo a Nthambi

Bambo anapaka guluu kunsi kwa kachidutswa ka korali wamoyo, cholengedwa cha m'nyanja chophuka nthambi ngati mtengo, n'kupisa mkono m'thanki yawo yagalasi. Kachibangili kakuchipatala cha ku Barranquilla kanali kadakali padzanja lawo. Kachidutswako kanaterereka pamwala, n'kugwera mumchenga.

"Bweretsani ndikumatireni," ndinatero.

"Choka apa, Yuleidis. Thanki ndi yanga."

"Korali ameneyu sakula msanga, Bambo. Adokotala aja anena kuti mwatsala ndi miyezi, osati zaka."

"Makutu ndili nawo."

Anakatola, anapakanso guluu, n'kukanikiza pamwala paja, madzi amchere akunyowetsa malaya mpaka m'khwapa. Sanasiye mpaka kanagwira. Kenako analoza mpata umene unatsala pamwamba pake.

"Apa usaikepo kanthu. Nthambi zake zidzafika apa, ndipo wodzazidulira ndine."