Galimoto ya Malemu Bambo Demissie

"Theka?" anafunsa Mayi Mulunesh. "Mukuti theka la ndalama zimene amuna anga anagulira?"

Tamirat, dobadoba wa magalimoto mumzinda wa Addis Ababa, anagogoda boneti ndi chala.

"Amayi, musandione ngati wakuba. Nthawi imene malemu ankagula, msonkho unali utatsitsidwa, aliyense ankathamangira zoterezi, zoyendera petulo ndi magetsi omwe. Lero anthu akufuna zamagetsi okhaokha. Batire lakenso lakalamba. Mukadikira chaka china, mudzaigulitsa pamtengo wa wilibala."

Anaseka yekha.

Bambo Demissie anaiyendetsa zaka zitatu zokha. Chimwalirireni iwo miyezi khumi yapitayo, galimotoyo inangokhala pabwalo, chingwe chake chotchajira batire chili chilumikizire kukhoma. Mayi Mulunesh sankadziwa kuyendetsa. Ana awo awiri anali kunja, ndipo pafoni ankangoti, "Gulitsani, amayi, ikungowola."

"Chabwino, tengani," anatero mayiwo, akupereka makiyi.

Tamirat anatsegula chitseko n'kukhala. Anali wamfupi, phazi lake silinafike pabuleki. Anapisa dzanja pansi n'kukokera mpando kutsogolo. Unalira kuti khwa!

"Musausun…" Mayi Mulunesh anakweza dzanja, koma zinali zitachitika kale. Miyezi khumi yonseyi ankapukuta fumbi m'galimotomo m'mawa uliwonse, osausuntha mpandowo pomwe amuna awo, munthu wamiyendo yaitali uja, anausiya.

"Mwati chiyani, amayi?"

"Palibe," anayankha. "Geti limavuta. Dikirani ndikutsegulireni."