Khutu la Pawindo

Pa TV ya m'shopu yanga yometera, chigawenga chovala suti yoyera chinali chitangopereka mnzake kazitape m'manja mwa adani. Chinapukuta magalasi ake n'kumwetulira.

"Galu ameneyu amuwombere basi!" anakuwa dalaivala wa minibasi yemwe ankadikira pabenchi, anzake n'kumavomereza.

Koma wolusa kwambiri anali mdala amene ndinkamumeta, mnansi wathu wakale.

"Munthu wogulitsa mnzake amanunkha kuposa chimbudzi," anatero, malovu akugwera pansalu yomwe ndinamufunditsa. "Akanandipatsa ine, ndikanamukhaulitsa."

Ndinazimitsa makina. Pagalasi ndinkaona khutu lake lakumanzere, long'ambika kunsonga. Ndi lomwe lija ndinaliona litamatirira pawindo lathu ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, sabata imene galimoto yopanda nambala inadzatenga bambo anga, osabwereranso.

"Filimu iyi ndi yabodza, madala," ndinatero. "Kazitape weniweni savala suti yoyera. Amavala patapata, amabwera kudzapempha mchere, amafunsa ngati ana adzuka bwino. Akatero amapita kukanena zonse zimene wamva."

M'filimumo mfuti zinkalirabe, koma palibe ankaonera. Mdalayo anangoti maso tong'o patsitsi lake la imvi lomwe linali mbwee pansi.

"Tamaliza kundimeta, mwanawe," ananong'ona.

Ndinamuvula nsalu ija n'kuikutumula pamaso pake. Mutu wake unali wometedwa mbali imodzi yokha.

"Ndamaliza kale, madala. Wotsatira abwere."