Wophonya Akatole Yekha

"Matako pansi, golovu pansi, maso pa mpira," anatero Fulvia, kenako n'kumenya mpira ndi ndodo.

Mpira unadunda kawiri pa dothi lofiira la bwalo la masewera a bezibo, n'kudutsa pakati pa miyendo ya Tiziano ngati mbuzi yodziwa khomo la khola. Unagubuduka pa udzu mpaka kukatsamira mpanda wa waya, kumapeto kwenikweni kwa bwalo. Anzake anafa nacho chiseko.

"Lamulo ukulidziwa," anatero Fulvia.

Lamuloli analitengera kwa malemu bambo ake, amene anaphunzitsa theka la anyamata a m'tauni ya Nettuno kugwira mpira: wophonya akatole yekha. Tiziano anaweramitsa mutu n'kuyamba kuthamanga. Aka kanali kachinayi tsiku limenelo.

Pa zaka khumi ndi zisanu zophunzitsa ana, Fulvia anali ataona aulesi, ojijirika, ndi ena amene manja awo anawalengera kudya basi. Koma uyu anamuimitsa mutu. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, wopepuka miyendo, manja ake achangu. Tsiku lina magalasi a Fulvia atapulumuka pamphuno, Tiziano anawawakha asanafike pansi. Ukamugubuduzira mpira ndi dzanja, chapafupi, ankagwira wonse. Koma ukangoumenya ndi ndodo kuti uthamange, golovu ija m'mwamba, mpira uyo wapita. Mantha basi, Fulvia anatsimikiza. Mwanayu amaopa kuti umugogoda mano.

Ndipo akafika kumpanda ankachedwako, atagwada, nkhope italoza kwina. Fulvia ankadziwa kuti akulira kumene anzake sangamuone, ndipo zinkamupweteka mtima.

Kuseri kwa mpandawo kunali kanyumba kachikasu ndi kadimba ka matimati. Munkakhala bambo wina wowonda, wandevu, amene anabwera mu Epulo, mwezi womwewo umene Tiziano analowa timu. Madzulo alionse ankathirira matimati ake atavala buluku lalitali, ngakhale dzuwa la Julaye likuswa mtengo. Mpira ukadumpha mpanda sankazungulira kudzaubweza, chonsecho geti lake linali pomwepo. Ankangouponya ali m'dimba momwemo, ndipo kunena zoona ankaponya bwino. Ana anamupatsa dzina loti Mlonda wa Matimati.

Tiziano ankabwera ndi agogo ake akuchikazi, mayi Assunta, amene ankadikira m'galimoto kutsogolo kwa bwalo mpaka nthawi yoweruka. "Uyu n'kusukulu, kubwalo, kunyumba, basi," agogowo anamuuza Fulvia tsiku loyamba. "Za bambo ake musamufunse. Anapita kutali."

Tsikulo linali Lachisanu, tsiku lomaliza lopereka maina. Bambo Ermete, wapampando wa timu, anali ataima kumbuyo kwa Fulvia makiyi a galimoto ali m'manja.

"Mwana wanga, ligi ikufuna maina khumi ndi anayi, iwe ana uli nawo khumi ndi asanu. Wotsalayo asiye kubwera, adikire chaka chamawa. Masamu ake ndi apafupi."

"Mundipatseko sabata imodzi yokha."

"Ndakupatsa kale atatu. Ofesi akutseka faifi. Komanso mwanayo ukungomuzunza, taona mmene akubwerera. Kapena ukufuna tichotse Samuele?"

Samuele, mwana wa msodzi, ankafika woyamba ndipo mpira ankautchinga ndi chifuwa akalephera ndi golovu. Kumuchotsa kukanakhala tchimo. Fulvia anayang'ana pepala, anayang'ana ana awiriwo, pothawira panalibe.

"Tiziano, uwu wokha, chonde," anatero. "Gwada bwino, manja patsogolo. Sukuluma."

Anaumenya mwachifundo, pang'onopang'ono, mpira woti ndi mwana wa mkaka yemwe akanaugwira. Tiziano anagwada monga anaphunzitsidwira, mapazi m'malo mwake, maso pa mpira. Utafika, golovu inakwera. Mpira unadutsa.

Ulendo uno palibe anaseka. Mwanayo sanadikire n'komwe kuuzidwa, ananyamuka kulowera kumpanda.

Fulvia analemba maina khumi ndi anayi, n'kupereka pepala. Bambo Ermete analipinda, anamusisita paphewa, ndipo posakhalitsa galimoto yawo inatuluka pageti. Mumtima Fulvia anadzitonthoza kuti wamumasula mwanayo. Sadzathamanganso ulendo wamanyazi uja, sadzaliranso kumpanda. Chotsala chinali kumuuza, ndipo sanafune kutero pamaso pa anzake. Anasiya ndodo, n'kumutsatira.

Udzu unali wofewa, mapazi ake sankamveka. Atayandikira anaona kuti Tiziano wagwada monga mwa masiku onse, mpira uli pambali, osautola. Sankalira ayi. Zala zake zinali zitalowa m'mabowo a waya, ndipo tsidya linalo Mlonda wa Matimati anali atanjuta, atazigwira zalazo ndi manja onse awiri. Buluku lija linali litakwera pang'ono. Pamwendo panali chibangili chakuda cha apolisi, chija amamanga munthu amene khoti lamutsekera panyumba.

"Womalizawu ndiye wandichititsa manyazi," bamboyo ankanong'ona. "Ndinakuphunzitsa chotero ine? Golovu imayambira pansi."

"Ndikudziwa, ababa. Koma ndikaugwira ndibwera bwanji kuno?" anatero Tiziano, akumwetulira. "Musadandaule, a kochi ndi abwino mtima. Mawa ndiphonya isanu ndi umodzi."