Nyale Yachitatu Sinayake

Nyale ziwiri zobiriwira zinayaka. Yachitatu, yosonyeza kuti gudumu lakumanzere latuluka n'kukhoma bwino, inakhala chizimire.

Odete, woyendetsa ndegeyo, anaona bwalo la ndege la Cuamba likuyandikira. Kumbuyo kwake kunali anthu khumi ndi asanu ndi anayi.

"Tingotera, Komandante," anatero Edmilson, womuthandiza. "Ndamva magudumu onse atatu akugunda. Lapsa ndi babu basi."

"Ndege sitera pa makutu anu," anayankha Odete. Anawonjezera moto, ndege n'kukweranso.

Bambo ake a Odete anakalambira pa ntchito ya njanji m'tauni yomweyi. Sankalola sitima kunyamuka asanagogode gudumu lililonse ndi hamala, woyendetsa atukwane bwanji.

Odete anauza Edmilson kuti, "Zulani babu limodzi mwa akuyakawo, mulilowetse kumanzere. Likayaka, mwanena zoona."

Edmilson analizula, nalilowetsa kumanzere. Silinayake. Edmilson anatembenukira kwa Odete.

"Tsopano tadziwa kuti si babu," anatero Odete, akukhotetsa ndege pamwamba pa njanji. "Gwirani mpini wotsitsira gudumu pamanja, mupope mpaka nyaleyo iyake. Mafuta alipo. Ine sinditera pa gudumu limene sindinagogode."