Mkazi Mnzake wa Matayala Anayi

Ululu unamubwereranso Kendra ali pampando wa pulasitiki, padzuwa. Mwamuna wake Wade anali atazunguliza chingwe galimoto yake kuti anthu obwera kuchionetsero cha magalimoto akale asaikhudze. Galimotoyo inali mkati mwa chingwe, pamthunzi. Mkazi wa pakati potopa anali kunja.

"Impala yoyamba inatuluka mu 1958," Wade ankauza kagulu ka amuna a zipewa. "Iyi ndi ya 1963. Agogo anga anaigula yatsopano. Onani nyale zakumbuyozi, zitatu uku, zitatu uko. Pofika 1965 ankagulitsa zoposa miliyoni chaka chimodzi!"

Munthu ameneyu tsiku la ukwati wake ankachita kukumbutsidwa. Koma mufunseni za galimoto yaitali ngati bwato, yodya mafuta ngati ili ndi njoka m'mimba, akuuzani mpaka mtundu wa ulusi wosokera mipando. Dzina lake loti Impala ndi la nswala, koma Kendra anali asanaionepo ikuthamanga. Kugalaja kunali loko, ndipo kiyi Wade ankagona naye. Kendra ankangoitcha mkazi mnzake.

Pabwalo lonselo maboneti anali yasa, pansi ataikapo magalasi kuti anthu aone kuti ngakhale kumimba kulibe dzimbiri. Mwambo wake ndi umenewo. Boneti ya Wade yokha ndiyo inali yotseka.

"Tatsegula tione mtima wake, mnyamata," anatero Bambo Hostetler, mkulu wa oweruza. "Injini yobadwa nayo ngati yakoyo ndani ali nayo m'boma lino?"

"Fumbi, bambo. Chaka chino ayi."

Fumbi! M'mawa galimotoyo inabwera pangolo yokokedwa ndi thiraki ya mkulu wake wa Wade, amene anangoitula n'kubwerera. Poitsitsa, amuna anachita kukankha ndi manja, ati utsi ungadetse chitsulo chonyezimira chakumbuyo. Mkazi mnzakeyo ngakhale kutsokomola sankaloledwa.

Kendra sankapempha zambiri. Inshulansi analibe, ndipo chipatala chitafuna ndalama zoyambira, Wade sanataye tulo ngakhale pang'ono. Anangobwera tsiku lina n'kunena kuti bwana wake wa kumatabwa walipira zonse. Mwana wa Wade, wolipira bwana. Iye mwini chake chinali kupukuta penti ndi thewera latsopano, ati ndilo lofewa.

Kenaka nsupa inasweka.

"Wade!"

Anthu anatembenuka. Amuna a zipewa aja anayang'ana udzu wonyowawo, aliyense n'kuyang'ana mipando ya galimoto yake, kenaka kumwamba, ngati kukubwera mvula. Mayi Pruitt ogulitsa ayisikilimu ndiwo anathamangira kwa Kendra.

"Ambulansi ichedwa kuno, mwana wanga. Kwera galimoto yangayi, ndailiza kale."

Wade anafika nkhope ili mbuu. "Eya, Kendra, kwera ya Mayi Pruitt. Tiye, ndikugwire."

"Usandigwire." Kendra anadzuka yekha, n'kudumpha chingwe chopatulika chija. Gulu lonse linapuma mokoka. "Mwana wanga sapita kuchipatala ndi nyimbo ya ayisikilimu bambo ake ali ndi galimoto. Ndikwera iyi."

"Kendra, chonde, iyi ayi."

"Bwanji? Mipando? Agogo ako aja ana awo ankawanyamula pa chiyani, pa wilibala?"

Ena anaseka, koma anasiya msanga Kendra atagwira chitseko ndi dzanja la thukuta. Chizindikiro cha zala zisanu chinatsala papenti. Bambo Hostetler anatseka maso ngati aona maliro.

"Si mipando," anatero Wade.

"Ndiye liza. Mafuta ndikubwezera ndikachira."

"Tikambirana kunyumba, wokondedwa."

"Wokondedwa ndi uyu wa matayala anayi." Ululu unamupinda, anatsamira galimoto mpaka unadutsa. Atawongoka analankhula motsitsa, ndipo Wade ankadziwa kuti Kendra akatsitsa mawu nkhani yafika pamapeto. "Tamvera. Ukandipititsa ine pagalimoto ya eni, kuchipatala usabwereko. Ndikatuluka ndikupita kwa amayi anga, mwana atenga dzina la kwathu. Iwe utsale ndi mkazi wakoyu, akuphikire."

Anatambasula dzanja. "Kiyi."

Wade anayang'ana dzanjalo. Anayang'ana Bambo Hostetler ndi amuna onse amene zaka zonsezi ankamupatsa moni chifukwa cha chinthu chimodzi chokha, chimene chinali pansi pa boneti. Thukuta linkatsikira m'kolala. Kendra anaona mmene ankavutikira kusankha pakati pa mkazi ndi chitsulo, ndipo mumtima anayamba kale kulongedza: zovala za mwana, makina ochapira, mapoto a amayi ake. Makatani amusiyira, azipukutira.

Kiyi sanapereke. Anapita kutsogolo kwa galimoto, anavula chipewa, n'kukweza boneti pamaso pa gulu lonse.

Amuna aja anaunjikana kuti aone mtima wotchuka uja. Kendra anasuzumira nayenso, ndipo anaona udzu wa pabwalo, wobiriwira bwino, ndi mawaya awiri akulendewera.

"Bwana wachifundo analipira chipatala uja ankakhala apa," anatero Wade, akuloza dzenje limene munali injini imene anagulitsa. "Tsopano ukwera ya ayisikilimu, kapena tikukankhe?"