Kudikira Mavoti a Laban

Foni inali patebulo la kukhitchini, ndipo Hilda anali akuiyang'anira kuyambira m'mawa. Unali mwezi wa Juni, 1999. Kumudzi anthu anali atavota kale. Mwamuna wake, Laban Kamwendo, ankapikisana nawo pa uphungu wa Nyumba ya Malamulo m'dera lakwawo, kumidzi ya ku Ntcheu. Mlamu wake wa Hilda, Webster, analonjeza kuti akangomva zotsatira athamangira paboma kukaimba foni.

Kutuluka kunali kosatheka. Mkaka unatha, zinyalala zinadzaza, zovala zinaunjikana chifukwa makina ochapira anali pansi penipeni pa chinyumba cha mafulati chimene ankakhalamo. Ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito anachita kupempha tchuthi. M'fulatimo munkatentha, ndipo mawindo ake ankangotseguka pang'ono pokwana dzanja.

Kutchalitchi kwawo ku Oshawa, kutsidya kwa nyanja kumene ankakhala, aliyense ankadziwa kuti palibe amene anaivutikira kampeniyo ngati Hilda. Ankagwira mashifiti awiri motsatizana. Loweruka ankayenda m'makomo mwa anzake kutolera majekete, mabulangete ndi nsapato za mpira, n'kuzipakira m'migolo yopita kumudzi. Anajambula mawu ake pakaseti, kuchonderera amayi a m'midzimo mmodzimmodzi, aliyense pomutchula mfunda wake. Lachisanu lililonse ankasala kudya. Abusa anafika pomutchula paguwa kuti mkazi wa m'banja ndi ameneyu.

Masana kunabwera Mathilda, mnzake wa ku Chipata, atanyamula mandasi ndi botolo la juwisi.

"Amake Olivia, sanaimbe?"

"Sanaimbe."

"Azawina, osada nkhawa. Manje mukankhala akazi a bwana phungu, muzatikumbukila ise otawasa nkhalamba?"

"Ndipita kuti ine? Ndikhala konkuno mpaka Olivia atsirize sukulu. Tinagwirizana choncho."

"Zaka zisanu, iwo uko, imwe kuno? Mwalimba mtima. Ine amuna anga a Douglas akachedwa ku nchito ku Brampton ningoyenda-yenda m'nyumba monga nkhuku yofuna kuikila."

Hilda sanaseke. Anakweza foni, n'kumvetsera ngati ikugwirabe ntchito, n'kuibwezera msangamsanga.

Inalira dzuwa litapendeka. Mawu a Webster ankafika mochedwa, ngati akuchokera m'chitsime.

"Mlamu, mukundimva? Zavuta kuno. Taluza."

"Mwati chiyani?"

"Taluza. Wawina mwini chigayo uja."

"Awerengenso."

"Abwereza kale, mlamu. Watisiya patali."

"Nanga kukhoti? Muwauze apite kukhoti. Loya ndimupeza ine. Kapena adikire konko, azikonzekera chisankho chinacho. Anthu amavotera munthu amene akumuona tsiku ndi tsiku."

"Ndawauza zomwezo, akana. Akuti anthu akuno ndi osayamika, avala majekete awo n'kukavotera wina. Sakulankhula ndi munthu, lero aswa wailesi. Akuti akubwerera. Anyamuka Lolemba, mukawachingamire ku eyapoti."

Foni inaduka. Hilda anakhalabe ataigwira kukhutu. Kenako anaiika pansi bwinobwino, n'kutsamira sinki, n'kuyamba kulira. Sanalire mokweza. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka.

Mathilda anamukumbatira. "Pepani, mwana wa amayi. Munasewenza, tonse tinaona. Koma onani mbali inayo. Uphungu ni chani? Mulungu wakubwezelani amuna anu. Sabata ya mawa muzagona awili."

"Inde," anatero Hilda.

"Nizauza azimai a mapemphelo. Tizabwela kuwalandila, tiphike, tiimbe."

"Zikomo. Pitani, basi ingakusiyeni."

Mathilda anasiya mandasi patebulo n'kutuluka. Hilda anasamba m'maso. Anayang'ana wotchi: Olivia anali asanaweruke. Anatsegula kabati ya pansi pa sinki, n'kupisa dzanja kuseri kwa mabotolo a sopo, n'kutulutsa kachitini. Munali loko wachitsulo ndi misomali yake.

Analowa kuchipinda kwa mwana wake n'kugwada kuseri kwa chitseko. Mabowo akale a misomali anali pomwepo. Lokoyo anamuchotsa tsiku limene ndege ya Laban inanyamuka, ndipo kuyambira pamenepo iye ndi Olivia ankagona zitseko zili pululu. Kumanga kunamutengera nthawi, chifukwa dzanja lamanzere silinkagwira bwino. Silinalunzike mowongoka kuyambira pamene Laban analithyola.