Nkhwangwa ya Apongozi

Kho! Kho! Nkhwangwa inalira m'nkhalango ya boma, kuseri kwa phiri la Katete, ndipo Evaristo anatchera khutu. Mlandu wake woyamba!

Boma la chipani cha UNIP linali litatulutsa ndalama zophunzitsira alonda a nkhalango, ndipo iye anali atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro ku Chipata ndi yunifolomu yonunkhira sitolo, wenzulo ndi njinga yatsopano. Anapalasa ngati wamisala, akuyeserera mokweza: "Imani pomwepo, mwamangidwa!"

Anatsika wenzulo ili kukamwa. Wodula mtengoyo, dengu la mphalabungu lili pambali, anali aNambewe, apongozi ake aakazi, amene chikwatirire pamudzi pawo sanawayang'anepo kumaso.

Miyendo inakumbukira yokha mwambo. Anapatukira patchire, nagwada, nkhope kumbali.

ANambewe anafunda chitenje kumutu, nalankhula ndi mtengo: "Mtondo iwe, uwauze akamwini kuti yunifolomu yawakhala."

Evaristo anayang'ana chitsa. "Chitsa iwe, uwauze amayi kuti nkhwangwayo yalandidwa ndi boma."

Nkhwangwa inagwa pansi, thi!

"Mtondo iwe," anatero aNambewe akusenza dengu, "uwafunse abomawo kuti lero akagona m'mudzi mwa yani."